Chuma Chathu Chikuzungulira pa Shafiti

  Zaka 10 si masewera. Magulu ambiri amayamba ndi nthungululu, pofika chaka chachiwiri mwatsala wapampando ndi chidindo basi. Inu mwapirira mpaka mwafika, ndipo ndikukuyamikirani.

Ndikudziwa kuti mlangizi akaimirira, ambiri mumayembekezera za manyowa, mbewu ndi mbozi. Lero mundikhululukire, ndiyankhula za zitsulo. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Pamene munkayamba, katundu wa gulu anali sikelo, matumba ndi kope la mlembi. Lero masheya anu ali m'chigayo, m'makina oswera mtedza, m'makina otongolera chimanga ndi m'ngolo, ndipo mwayamba kale kukambirana zogula makina oyengera mafuta a mpendadzuwa. Makina onsewa ali ndi chinthu chimodzi chofanana. Mkati mwake muli chitsulo chozungulira chimene chimatenga mphamvu ku mota kapena ku injini, n'kukaipereka ku mano, ku nyundo kapena ku sikuluwu imene ikugwira ntchitoyo. Amisiri amachitcha shafiti.

Tayerekezani ndi mwezi wa Julayi. Mtedza wadzaza m'nyumba yosungiramo, wogula wapereka tsiku loti galimoto ibwera, ndiye shafiti ya makina oswera yangoti thyo! Kuti mupeze ina, wina akwere minibasi kupita m'tauni, akadikire mmisiri, abwerere. Masabata awiri atha. Wogula sadikira, amapita kwa ena. Membala amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi sadikiranso, amanyamula mtedza wake kupita kwa mavenda, kukagulitsa pa mtengo uja munathawa pamene munkayambitsa gulu lino. Kachitsulo kotalika ngati mkono wanuwu kagwetsa phindu la chaka chonse. Ndiye ndati eni ake a makinawa, amene ndinu, mudziweko mmene chitsulo chimapiririra ndi mmene chimagonjera.

Chitsulo chimavutika m'njira zingapo. Pali kukokedwa, ngati tcheni chimene ng'ombe zimakokera pulawo. Pali kupindidwa, ngati ekiselo ya ngolo mukaisenzetsa matumba ochuluka. Pa ngolo matayala amazungulira paokha, ekiselo imangosenza, ndipo ikagonja imakhota. Ndiye pali kupotokoledwa, kumene ndi nkhani yathu lero. Amayi, mukachapa chitenje, dzanja lina mumapotokolera kuno, lina uko, kuti madzi atuluke. Shafiti imakhala m'manja awiri otero tsiku lonse. Mbali ina mota ikuti zungulira, mbali ina chimanga chikuti sindisuntha, ndipo chitsulo chili pakatipo ndi chimene chimamva zowawa. Mukafuna kuziona ndi maso, tengani chidutswa cha paipi yofewa yothirira mbewu, mujambulepo mzere wowongoka ndi khala, kenaka muipotokole. Mzere uja upendekeka. Chitsulo chimachita chimodzimodzi, kungoti pang'ono kwambiri moti diso silingaone.

Mphamvu yopotokola imachokera ku zinthu ziwiri: kukankha kwanu, ndi kutalika kwa chogwirira. Bawuti ikakana kumasuka, anyamata amathamangira kulowetsa paipi ku sipanala, si choncho? Mkono ndi womwewo, koma chogwirira chikatalika kawiri, kupotokola kofika pa bawuti kumawirikizanso kawiri. Tsiku lina bawuti imamasuka, tsiku lina mutu wake umatsala m'sipanala, thunthu latsalira mkati. Bawuti ya dzimbiri muziyamba mwaithira oilo kapena parafini, igone usiku, m'mawa muiyesenso. Zomwezi zimachitika pa makina opukusa ndi manja. Wina amati tiyeni titalikitse chogwirira kuti amayi asamatope. Maganizo ndi abwino ndithu, koma shafiti ndi yomwe ija, ndipo tsopano munthu mmodzi angathe kuipotokola ndi mphamvu ya anthu awiri.

Tibwere ku mota. Tengani mota ya 7.5 kW, ija ambiri timati ya 10 horsepower, imene imazungulira pafupifupi ka 1,450 pa mphindi imodzi. Kupotokola kumene imapereka pa shafiti yake n'kofanana ndi kukoloweka makilogalamu 5 kunsonga ya chogwirira chotalika mita imodzi. N'zochepa, eti? Tsopano chepetsani liwirolo ndi malamba kapena giyabokosi, shafiti ina izizungulira ka 145 kokha pa mphindi. Liwiro latsika ka 10, kupotokola kwakwera ka 10. Pa chogwirira chija tsopano papachikika thumba lathunthu la chimanga la makilogalamu 50. Choncho shafiti imene ikuyenda mwaulesi ndi imene yasenza kwambiri. Makina oyengera mafuta sikuluwu yake imayenda pang'onopang'ono, n'chifukwa chake imafuna chitsulo chonenepa. Mukadzapita kukaona makinawo, n'kupeza shafiti ya sikuluwu ndi yowonda ngati ya mota, mudzakayikire. Ndipo pasapezeke munthu wosintha pule, lija gudumu loyendapo lamba, kapena kuika mota yaikulu pa makina akale, asanafunse ngati shafiti ipirira.

Nanga m'chitsulomo, mbali imene imagwira ntchito kwambiri ndi iti? Ganizirani bwalo la chimtali. Oimba ng'oma ali pakati, sasuntha. Amene ali kunja kwenikweni kwa bwalo ndi amene amayenda mtunda wautali kuti azungulire kamodzi. Shafiti ikamapotokoledwa, chitsulo cha pakatikati penipeni sichimva kanthu. Mukamachoka pakati kupita kunja ntchito imanka ikula, ndipo khungu lakunja ndi limene limasenza kwambiri. Kumunda kwanu zimenezi zilipo kale. Phesi la chimanga ndi lolimba kunja, mkati ndi mofewa ngati thonje. Bango ndi nsungwi mkati mulibe kanthu, koma mphepo imazigwedeza chaka chonse osathyoka.

Popeza ntchito ili kunja, kunenepa kwa chitsulo kumaposa china chilichonse. Munthu wina wa ku France, dzina lake Charles-Augustin de Coulomb, anayeza zimenezi pa mawaya m'chaka cha 1784, ndipo zimene anapeza amisiri akugwiritsabe ntchito mpaka lero. Waya akanenepa kawiri, pamafunika mphamvu yowirikiza ka 16 kuti mumupotokole mofanana ndi wowonda uja. Pa shafiti zili chomwecho. Yonenepa kawiri imalemera kowirikiza ka 4, koma katundu amene ingapirire isanagonje amawirikiza ka 8. Tiyeni titenge zimene zimagulitsidwa m'masitolo a zitsulo. Ikani round bar ya mamilimita 20 pambali pa ya mamilimita 25. Ndi maso zikuoneka ngati mapasa, kusiyana kwake sikukwana n'komwe kutalika kwa njere ya chimanga. Koma ya 25 ija imapirira pafupifupi kawiri kuposa ya 20. Mmisiri akakuuzani kuti ya 25 yasowa, ndaika ya 20, palibe kusiyana, dziwani kuti makina anu atsala ndi theka la mphamvu zake.

Masamu omwewa amagwiranso ntchito chobwerera m'mbuyo, ndipo apa ndi pamene magulu ambiri amapwetekera. Beringi ikasowa girizi imauma n'kugwira, ndiye shafiti imayamba kuzungulira mkati mwa beringi yoima, n'kumadyeka. Shafiti ya mamilimita 25 ikadyeka kufika pa 22, yataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Mamilimita 3 okha! Ena akaona padyeka amapita nayo kwa a lathe, makina aja osemera zitsulo, kuti aiseme isalale, alowetse beringi yocheperako. Makina amadzukadi, anthu n'kuwomba m'manja. Koma chimene chasemedwacho ndi khungu lija limasenza katundu. Mtengo wa girizi ndi wa shafiti yatsopano muufananitse nokha, a msungichuma ali pompano.

Tsopano za paipi. Ngati pakati sipagwira ntchito yambiri, bwanji osapachotsa? Amisiri anaganiza zomwezo. Mutatenga round bar ya mamilimita 40, n'kuiboola bowo la mamilimita 20 kuchokera uku mpaka uko, mwachotsa gawo limodzi mwa magawo 4 a chitsulocho, koma mphamvu mwataya gawo limodzi lokha mwa magawo 16. Kapena tifanizire ziwiri zolemera pafupifupi mofanana: round bar ya mamilimita 25, ndi paipi ya mamilimita 40 yokhuthala mamilimita 4. Paipiyo ndi yopepukirapo pang'ono, koma imapirira katundu woposa kawiri, ndipo pa katundu wofanana round bar ija imapotoka pafupifupi kanayi kuposa paipi. Chitsulo ndi chochuluka mofanana, kungoti mu paipi achikankhira kunja kumene kuli ntchito. Mukadzasuzumira pansi pa lole, chitsulo chachitali chimene chimapititsa mphamvu ku matayala akumbuyo mudzapeza ndi paipi. Shafiti ya PTO, ija imalumikiza thirakitala ndi makina akumbuyo, ndi mapaipi awiri olowetsana. Felemu ya njinga ya kabaza, imene imanyamula munthu ndi thumba lake, ndi mapaipinso. Choncho tisamayeze kulimba kwa makina ponyamula kuti timve kulemera.

Koma musachoke pano n'kumati alangizi ati paipi iliyonse ndi yabwino. Paipi ikapyapyala kwambiri imafwanyika ngati chitini chopanda kanthu mukachipotokola ndi manja. Pamene pakhala beringi, pule ndi kiyi pamafunikabe chitsulo chathunthu, n'chifukwa chake shafiti zazifupi zambiri amapanga ndi round bar. Vuto lina la paipi ndi loti imabisa. Square tube yokhuthala mamilimita 1.2 ndi yokhuthala mamilimita 2 zikapakidwa penti zimaoneka chimodzimodzi, ndipo dzimbiri limadya mkati kunja kukuwala. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mukapatsa mmisiri ntchito, pitani mukaone zitsulo asanawotcherere ndiponso asanapake penti, muone kukhuthala kwake podulidwapo. Akamaliza atseke kumapeto kwa mapaipi kuti madzi a mvula asalowe.

Pali chinanso chokhudza paipi chimene mukayese nokha madzulo ano. Thyolani tsamba la papaya, mutenge kamtengo kake kabowo kaja ana amapangira chitoliro. Kapotokoleni pang'ono, mumva kakukana. Kenaka kang'ambeni ndi mpeni mbali imodzi yokha, kuchokera kumwamba mpaka pansi, mukapotokolenso. Kangoti lobodo, milomo ya pong'ambika paja ikutsetserekerana. Simunachotsepo kanthu, mwangodula mkombero. Mphamvu ya paipi ili pa kutsekeka kwake kuzungulira konse. Paipi ija ya mamilimita 40, mutaing'amba chotero ndi grinder, ingapotoke kuposa ka 50 poyerekeza ndi mmene inalili. Ndiye paipi imene yang'ambika msoko wake m'litali, kapena imene wina waidula mpata wautali kuti alowetse chinachake, musaiwerengerenso ngati paipi.

Angle iron ndi flat bar zili ngati paipi yong'amba kale. Tengani angle iron ya mamilimita 40 mbali zonse, yokhuthala mamilimita 4, ndi square tube ya mamilimita 40 yokhuthala mamilimita 2. Pa sikelo zilemera mofanana. Koma pozipotokola, angle iron ipotoka kuposa ka 60 poyerekeza ndi square tube. Flat bar nayo ndi yomvera, paja mumaona amisiri akuipota ndi sipanala yokha pokongoletsa mawindo ndi mageti. Sindikunyoza angle iron ayi. Pa mashelefu, pa denga, pa miyendo ya tebulo, pamene ntchito ndi kukoka kapena kutsamira, imagwira bwino ndipo ndi yosavuta kumanga ndi mabawuti. Koma ganizirani ngolo yodzaza manyowa, tayala limodzi lagwera m'dzenje, linalo lili pamtunda. Felemu yonse imapotokoledwa. Ganiziraninso geti lalikulu la nyumba yosungiramo katundu, kapena felemu imene mota yakhalapo ikukoka lamba mbali imodzi. Malo otere amafuna square tube kapena paipi, apo ayi angle iron yomangidwa ndi zopingasa zokwanira. Felemu ikamapotoka, mota ndi makina sizikhalanso pa mzere umodzi, lamba amavuka, beringi zimatentha, mapeto ake shafiti ndi imene imalipira.

Kutalika nako kuli ndi mbali yake. Shafiti ikatalika kawiri, imapotoka kawiri pa katundu yemweyo, ndipo yaitali imayambanso kuweta ndi kunjenjemera ngati ilibe beringi ina pakati. Pamene mukukonza malo a makina atsopano, mota ikhale pafupi ndi ntchito yake. Komanso dziwani kuti chitsulo chopotokoledwa chimasunga mphamvu ngati legeni yokoka. Magalimoto ena a pikiapu kutsogolo kwake alibe sipuling'i yopiringiza, ali ndi ndodo yachitsulo yaitali imene imapotoka tayala likagunda bampu, kenaka n'kubwerera. Makina akatsamwa, shafiti, malamba ndi zonse zimakhala zakokeka chomwecho. Mukachotsa chotsamwitsacho ndi dzanja, zimabwerera mwadzidzidzi, zala n'kutsala momwemo. Zimitsani kaye, dikirani zonse ziime, mubwezere pule m'mbuyo pang'ono kuti zimasuke, kenaka muchotse ndi kamtengo.

Ena mufunsa kuti, nanga mtundu wa chitsulo? Chitsulo wamba chimene amisiri amati mild steel, ndi cholimbirapo chopangira shafiti monga chija amati EN8, pa katundu wochepa zimapotoka mofanana ndipo zonse zimabwerera. Kusiyana kwake kuli pa malire. Chawamba chimafika msanga pamene chimapotoka osabwereranso, pamene EN8 imapitirira kupirira. Ndiye ngati vuto ndi kuduka, chitsulo chabwino chithandiza. Ngati vuto ndi kugwedera ndi kupotoka kwambiri, mankhwala ake ndi kunenepa basi. Aluminiyamu ndi wopepuka, sachita dzimbiri lofiira, koma amapotoka pafupifupi katatu kuposa chitsulo cha kukula komweko. Zitsulo zamizeremizere zomangira nyumba, ma Y12 ndi anzake aja, anazipangira kukhala mu simenti, pa beringi sizikhala bwino ndipo si za shafiti. Shafiti yakale ya ku matayala a galimoto ndi chitsulo chabwino kwambiri, koma chinaumitsidwa ndi moto ku fakitale. Mukachiwotcherera mwachisawawa, m'mbali mwa powotchererapo mumauma ngati galasi, ndipo chimadzaduka pomwepo.

Shafiti zambiri siziduka tsiku limene zalemedwa. Zimayamba ndi kamng'alu, n'kumatopa pang'onopang'ono. Ogulitsa nsalu pamsika amayamba adula pang'ono ndi sizasi, kenaka akangokoka, nsalu yonse kwee! mpaka kumapeto. Popanda podula paja, nsalu sing'ambika mophweka. Pa shafiti, podula pa sizasi ndi malo monga ngalande ya kiyi, bowo la bawuti, powotcherera, pamene dzimbiri lakumba, pamene wina anamenya ndi tchizulo pochotsa beringi, ndiponso pamene shafiti ikusintha kuchoka ponenepa kupita powonda. Pamalo omalizawa muziuza mmisiri kuti pakona pakhale pokhotera bwino ngati mkati mwa supuni, pasakhale pakuthwa. Kumbukirani kuti shafiti yozungulira ka 1,450 pa mphindi, ikagwira ntchito maola 8, yazungulira pafupifupi ka 700,000 tsiku limodzi. Ngati lamba wamangidwa kwambiri, pa kuzungulira kulikonse shafiti ikupindidwira uku ndi uku, uku ikupotokoledwa. Waya mukamupindapinda amaduka m'manja mwanu, nanji chitsulo chopindidwa ka 700,000 pa tsiku.

Shafiti ikaduka, chonde musataye zidutswa. Poduka pamanena chimene chachitika. Ngati paduka mosalala modutsa, pooneka popakika ngati nsima yopotokola, chitsulo chinali chofewa ndipo chinalemedwa kupitirira malire. Ngati paduka mopendekeka mozungulira, chitsulo chinali chouma, kapena mng'alu unayenda chopendekeka. Aphunzitsi ali pano atibwereke choko, muchipotokole osachipinda, muona chikuduka mopendekeka chomwecho. Ngati mbali ina ya podukapo ndi yosalala, yakuda, yokhala ndi timizere ngati ta chigoba cha nkhono, mbali ina ndi yokhakhala ndi yowala, ndiye kuti mng'alu unalipo kwa miyezi, ndipo mbali yowalayo ndi imene inatsala ikugwira mpaka tsiku lomaliza. Zikatero musathamangire kudzudzula mnyamata amene anali pa makina tsikulo. Mwina iye wangopezana nalo tsoka limene linayamba kale.

Ming'alu yotere mungathe kuipeza isanakugwetseni, ndipo sizifuna ndalama. Nyengo ya ntchito isanayambe, chotsani pule, tsukani shafiti, muipake parafini, mudikire kanthawi, mupukute bwinobwino, kenaka muwazepo fumbi la choko. Pamene pali mng'alu parafini amatuluka n'kujambula kamzere konyowa pa choko paja. Njira ina ndi iyi: shafiti ikadali yatsopano, jambulani mzere wowongoka ndi penti m'litali mwake. Musakande ndi msomali, mungayambitse mng'alu nokha. Tsiku limene mudzapeze mzerewo wapendekeka makina ali chiimire, shafitiyo yapotoka kosabwerera, ndipo yatsala pang'ono kukusiyani.

Makina ambiri abwino ali ndi mlonda wake. Ndi bawuti yaing'ono imene amisiri amati shear bolt, yolumikiza mbali ziwiri za shafiti kapena pule ndi shafiti. Anaipanga dala kuti ikhale yofooka kuposa zina zonse. Mwala kapena msomali ukalowa m'makina, kupotokola kumakwera mwadzidzidzi, bawutiyo imaduka, shafiti ndi giyabokosi n'kupulumuka. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya fyuzi pa magetsi. Tsono chimachitika n'chiyani? Ikaduka kawiri katatu, anthu amatopa nayo, amati kabawuti aka n'kachabechabe, n'kuikapo yolimba kwambiri, ena mpaka kuwotcherera pomwepo. Mwala wotsatira ukalowa, chimaduka ndi chinthu cha ndalama zambiri. Pamutu pa bawuti pamalembedwa manambala monga 4.6, 8.8 kapena 10.9, ndipo nambala ikakula kulimbanso kumakula. Bwezeranipo ya nambala ndi kukula kumene opanga makina ananena. Ikamaduka kawirikawiri, funani chifukwa chake: mwina mukuthira zochuluka nthawi imodzi, mwina mbewu sizinapetedwe, mwina mukuyatsa makina ali odzaza kale.

Ndimalize ndi zopempha. Kwa a bodi: mukamaitanitsa makoteshoni, musathamangire wotsika mtengo musanafunse kuti watsitsira pati, chifukwa kawirikawiri amatsitsira pa chitsulo. Mmisiri alembe papepala kuti shafiti ndi ya mamilimita angati, ndi chitsulo chamtundu wanji, paipi ya felemu ndi yokhuthala bwanji, ndipo shear bolt ili pati. Mmisiri wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso amenewa, amakondwera kuti wapeza anthu ozindikira. Safunsa anadya phula. Gulani kachipangizo koyezera kotchedwa vernier, kazikhala mu ofesi, ndipo makina akabwera muziyeza musanamalize kulipira. Pa phindu la chaka muzipatula kangachepe kogulira beringi, malamba, ma shear bolt ndi shafiti imodzi yapadera ya makina amene simungakhale opanda iwo nyengo yokolola.

Kwa anyamata ndi atsikana oyendetsa makina: girizi pa nthawi yake, lamba asalimbe ngati chingwe cha ng'oma, yatsani makina ali opanda kanthu, afike pa liwiro lake, kenaka muyambe kuthira. Mukamva kulira kwachilendo kapena beringi yatentha moti simungaigwire, zimitsani, mukanene. Lembani m'kope tsiku limene mwathira girizi ndi chilichonse chimene mwasintha. Zotchingira malamba ndi shafiti zibwerere pamalo pake nthawi zonse. Shafiti ya PTO yozungulira ka 540 pa mphindi ndiye kuti ikuzungulira ka 9 pa sekondi imodzi. Ikagwira nsonga ya chitenje kapena mkono wa malaya, munthu sapeza mpata ngakhale wokuwa.

Kwa inu nonse mamembala: petani ndi kusankha mbewu zanu musanabwere nazo. Kamwala kamodzi kobisala m'thumba lanu kangathe kuimitsa ntchito ya mudzi wonse. Ndipo pa msonkhano waukulu wa pachaka, pamene mukufunsa za ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka, muzifunsanso kuti makina athu anayenderedwa liti, anapezeka ndi chiyani. Amayi, funsoli ndi lanunso, musawasiyire abambo okha poti ndi nkhani ya zitsulo. Masheya anu ali momwemo.

A wapampando, ndapempha kuti tisanayambe kuswa mtedza chaka chino tidzapatule tsiku limodzi, ine ndidzabwera ndi vernier, inu mudzabwere ndi parafini, choko ndi masipanala, tidzatsegule makina onse limodzi ndi achinyamata athu, aliyense adzaone ndi maso ake zimene ndanena lerozi. Ndikufunirani zabwino zonse pa zaka zina 10 zikubwerazi.